Pa Khirisimasi Ino, Wolemba wa M'nyumba Mwanu Mumugulira Chiyani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA: gitala ndi chitoliro. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Inu a pa Lirangwe, a ku Matindi, a ku Mdeka mpaka ku Zalewa, inunso a ku Lunzu ndi ku Chileka, takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro. Disembala wafika pakati. Mvula yagwa, chimanga chamera, udzu nawo sunachedwe, ndipo m'nyumba zambiri kandalama kamene kalipo kakulimbiranidwa ndi zinthu zitatu: fetereza wobereketsa, fizi ya mu Januwale, ndi mpunga wa pa Khirisimasi.

Tsono m'mwezi wothina chonchi ine ndabwera ndi nkhani ya mphatso. Musatseke wailesi. Zina mwa mphatso zimene nditchule mtengo wake sufika pa wa nkhuku ya chikondwerero, ndipo zina sizilira ndalama n'komwe. Wolandira wake ndi munthu amene timamuiwala kawirikawiri tikamagawana zabwino: munthu wolemba.

Ndikati wolemba musathamangire ku Zomba kukafuna pulofesa. Yang'anani m'nyumba mwanu momwemo. Kuli mtsikana wa Fomu 3 amene masamba akumapeto a kope lake la masamu adzaza ndakatulo. Kuli mnyamata wopeka masewero a gulu la achinyamata, aja amatigwetsa ndi phwete pa tsiku lotsekera sukulu. Kuli mayi wa kwaya amene nyimbo zatsopano zonse zimachokera kwa iye. Kuli aphunzitsi opuma ntchito amene akhala akunena kuti adzalemba mbiri ya mudzi wawo, omwe aja timawathamangira pamaliro kuti atilembere mbiri ya malemu. Onsewa timawagwiritsa ntchito chaka chonse, koma ikafika Khirisimasi timawagulira sokosi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musanapite kumsika, pitani kaye mukaone pamene munthuyo amalembera, ndi nthawi imene amalemba. Chimene chikumutchinga chionekera chokha, ndipo mphatso yanu ikhale yochotsa chimenecho. Wina akusowa pepala, wina kuwala, wina choti awerenge, wina mpata. Wina zonsezi ali nazo, akungosowa munthu woti agule zimene walemba.

Tiyambe ndi pepala. Kope wamba la kusukulu, lija la chikuto chofewa, silikhalitsa m'nyumba ya kumudzi. Lero mwana wang'ambapo tsamba kuti akulungire mandasi, mawa agogo athothola lina kuti apichire fodya, mkuja mayi asowa poyatsira mbaula. Pofika Febuluwale mutu wachiwiri wa nkhani ija wapita ndi utsi. Hadikava ndi ina. Anthu amaopa kuing'amba chifukwa akaiona amaganiza za buku la msonkhano wa mpingo kapena la banki m'khonde. Choncho gulani hadikava yaikulu, ya masamba ambiri, ndipo muitsegule pakati muone ngati ndi yosokedwa ndi ulusi. Yomata ndi guluu ikamva chinyezi cha dzinja masamba ake amayoyoka.

Koma musagule yokongola mopitirira muyeso. Madayale aja a chikuto chonyezimira, ena okhala ndi kaloko, munthu amaopa kuwadetsa. Amawaika pansi pa sutikesi kudikira ganizo loyenera, ndipo zaka zimatha ganizolo lisanabwere. Wolemba amafuna kope loti akhwatchemo, afufute, alembe m'mbali, osamva chisoni.

Pa zolembera sinditayapo nthawi. Mabolopeni wamba khumi aposa cholembera chimodzi chodula chimene inki yake ikatha muyenera kukwera minibasi kukaifuna ku Blantyre.

Pamwamba pa kopelo onjezani chinthu chimene ena achiseke: chidebe cha pulasitiki cha chivindikiro chothina. Adani a pepala kwathu kuno ndi chiswe, makoswe ndi denga lodontha, ndipo chidebe chimodzi chimathana nawo onse. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nyumba zikugwa m'boma lino la Blantyre ndi m'maboma ena a kummwera, akudziwa mmene masatifiketi, makadi a kusikelo ndi makope zinapitira ndi matope. Amene ali ndi foni yojambula awonjezerepo chizolowezi ichi: tsamba likadzaza, lijambuleni, chithunzicho mutumizire m'bale wanu wina wakutali. Nkhani ikhale malo awiri.

Tikamapeputsa pepala tizikumbukira a Jack Mapanje. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981. Mu Seputembala 1987 anawamanga ku Zomba, ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Kumeneko mkaidi sankaloledwa pepala kapena pensulo, moti ndakatulo ankazipeka n'kuzisunga m'mutu kudikira tsiku lodzazilemba. Ku Kenya a Ngugi wa Thiong'o, ali m'ndende ya Kamiti mu 1978, analemba buku lathunthu m'chilankhulo chawo pa mapepala a kuchimbudzi. Ife lero palibe msilikali wotilanda kope. Chikutilanda ndi mtengo, makamaka chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti mapepala timachita kuitanitsa kunja. Kope limene inu mukuliona lochepa, kwa mwana wa sekondale yoyendera ndi ganyu wa masiku angapo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mphatso zoyenera munthu wolemba pa nyengo ino ya zikondwerero. Tafika pa kuwala.

Munthu wa kumudzi salemba masana. Masana ndi a khasu, a kabaza, a kumsika. Mutu umamasuka usiku, ana atagona, ndipo usikuwo ndi wamdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 11 okha ndi amene ankaunikira magetsi, pamene oposa theka ankadalira tochi za mabatire. Chowawa kwa ife a kuno n'chakuti magetsiwo amapangidwira pafupi ndi kwathu. Nkula ndi Tedzani ali pa Shire pomwepa, nthambo zake zimadutsa m'dera lathu lino kulowera m'tauni, koma mlakatuli wathu akulemba ataluma kafoni pakamwa kuti kamuunikire, dzanja lina lagwira kope pabondo, lina bolopeni.

Munthu wotere mugulireni nyali ya sola. Posankha, funani yoima yokha patebulo, osati yogwira kumanja, ndipo kuwala kwake kuzigwera pansi pa pepala osati m'maso. Ikakhala ya panelo yapayokha, ya nthambo yaitali, ndi bwino koposa, chifukwa paneloyo imakhala padenga nyali ili m'nyumba, siinyowa ndipo siiyenda ndi anthu odutsa. Ikakhala yotchajanso foni, mwapulumutsa ndalama zotchajitsira pamsika. Iyatseni muli m'sitolo momwemo, funsani ngati angaisinthe ikavuta, ndipo lisiti musalisiye. Mudziwenso kuti m'miyezi ino ya mitambo sola imadzaza mochedwa, ndiye musafulumire kunena kuti anakuberani.

Kwa achikulire, vuto mwina si nyali. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kukana zilembo zazing'ono, ndipo ambiri amangosiya kulemba osauza munthu chifukwa chake. Mukaona amalume akutambasula dzanja kutalikitsa nyuzipepala, mphatso yawo ndi kuwaperekeza kuchipatala kukapimitsa maso ndi kuwagulira magalasi owerengera. Mbiri ya mudzi ija mwina yakhala ikudikira zimenezi.

Tsopano mabuku, ndipo apa ndichedwapo. Palibe amene amalemba bwino asakuwerenga. Ana athu ambiri mabuku a Chichewa amene awerengapo ndi okhawo a pamayeso, ndipo amawawerenga mwamantha, kuloweza mayina a atengambali. Sadziwa kuti anthu analemba zambiri m'chilankhulo chino. A Samuel Josiah Nthara analemba Nthondo, Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. A John Gwengwe anatisiyira Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. Kuli Kalenga ndi Mnzake la a Josiah Phiri, Kokha Mcheperawakalulu la a E.J. Chadza, Mtima Sukhuta la a Jolly Max Ntaba, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a a Willie Zingani. Kwa wokonda ndakatulo kuli Kuimba kwa Mlakatuli la a Benedicto Wokomaatani Malunga, omwenso anamasulira m'Chichewa buku lotchuka la a Chinua Achebe n'kulitcha Chipasupasu. Ena mwa mabukuwa masiku ano ndi osowa. Yambirani ku CLAIM mumzinda wa Blantyre, funsaninso kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa misewu ku Limbe, ndipo musaiwale katoni ya aphunzitsi akale a m'mudzi mwanu. Buku lakale lothimbirira si mphatso yochititsa manyazi kwa munthu wolemba. Amene amachita nalo manyazi ndi wopereka yekha.

A Legson Kayira atanyamuka wapansi kwawo kumpoto mu 1958 kukafuna maphunziro, m'katundu wawo wochepa munali mabuku awiri, Baibulo ndi Pilgrim's Progress. Anayenda mpaka ku Uganda ndi ku Sudan, anakafika ku America ku Skagit Valley College, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la ulendo wawo, I Will Try. Mabuku awiri okha. Ndiye inu musadandaule kuti simungathe kugula shelefu yonse.

Mukati mugule limodzi lokha, ine ndinena kuti likhale mtanthauziramawu. Mu 2000 a Centre for Language Studies a ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe. Kulinso wa a Steven Paas, wa Chichewa ndi Chingerezi, wothandiza kwambiri amene amalemba m'zilankhulo ziwirizi. Ntchito yotolera mawuyi si yachilendo m'boma lino. A David Clement Scott, omwe aja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo mawu ambiri a mmenemo anawamva kwa makolo athu a dera lomwe lino. Wina anena kuti, Chichewa ndinabadwa nacho, mtanthauziramawu ngwachiyani? Ayese kulemba nkhani ya masamba makumi awiri aone mmene mawu amathera, n'kuyamba kubwereza "kwambiri" m'chiganizo chilichonse. Pambali pake mungaikepo buku la miyambi, monga Nzeru za Kale la a Kumakanga kapena lija la a J.C. Chakanza la miyambi 2000. Koma mumuchenjeze wolandirayo kuti miyambi ndi mchere, ikachuluka ndiwo sizidyeka.

Chenjezo lina ndi la inu opereka. Musamugulire buku limene cholinga chake n'chakuti asinthe khalidwe. Ngati mukufuna kumulangiza mwana wa mlongo wanu za mowa, muitaneni mukambirane, osabisala kuseri kwa mphatso. Ndipo ngati ndalama yogulira buku palibiretu, mulipireni ulendo wa ku laibulale ya National Library Service ku Blantyre, akalembetse azibwereka yekha. Ngakhale nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata, ija imakhala ndi masamba a Chichewa monga Tamvani, mukamamubweretsera mukachoka m'tauni, aziona mmene anzake akulembera ndi kumene angatumize zake.

(NYIMBO YAIFUPI: ya gitala ya ku Chileka)

WOULUTSA: Nyimbo imeneyo yatifikitsa ku Chileka, ndipo kumeneko kuli phunziro lathu. M'mudzi wa Singano munachokera a Daniel ndi a Donald Kachamba. Mu 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anakumana nawo akuimba mumsewu ku Blantyre n'kuyamba kuwajambula mawu. A Daniel anamwalira mu 1987, a Donald mu 2001, koma gitala ndi chitoliro chawo tikuzimvabe, mwa zina chifukwa wina anabwera ndi makina ojambulira nthawi isanathe. M'mudzi momwemo a Moya Aliya Malamusi anakhazikitsa Oral Literature Research Programme, ntchito yotolera ndi kusunga nthano, nyimbo ndi zida zoimbira za makolo. Zimene kale zinkalira makina olemera, lero kafoni ka mabatani kakuzichita.

Ndiye nayi mphatso ina: memori khadi, ndalama ya kabaza, ndi paketi ya shuga yoti akapereke kwa anganga. Mutumeni wolemba wanu akakhale nawo masiku awiri pa tchuthi chino. Akawafunse za njala ya 1949, za mmene sitima inkaimira pa siteshoni ya Lirangwe, za amuna amene anapita ku Wenela, za nthano zimene ankawauza ali ana. Ayambe wapempha chilolezo asanatsegule foni, ndipo m'kope alembe dzina la wofotokoza, mudzi ndi tsiku. Asawadule mawu, asawakonze Chichewa chawo. Mmene nkhalamba imayalira nkhani, pamene imapumira, mawu amene imasankha, zimenezo sangazipeze m'buku lililonse mwa aja ndatchula.

Mpata nawo ndi mphatso, ndipo apa ndikulankhula kwa inu abambo ndi anyamata. Mwana wamwamuna akakhala pansi ndi kope timati akuwerenga, musamusokoneze. Wamkazi akatero timati ulesi, mbale zili mbwee pabwalo. N'chifukwa chake atsikana ambiri amene ankalemba bwino ku pulayimale amazilala osadziwika. Mlongo wanu ngati amalemba, muuzeni kuti, "Achemwali, Loweruka lililonse mpaka sukulu itsegulidwe, kumjigo ndi kuchigayo ndizipita ndine, inu muzilemba." Mukatero musunge pangano, ndipo musamaime pakhomo kufunsa ngati wamaliza. Inunso amuna amene akazi anu amapeka nyimbo za kwaya, kunyamula mwana kwa maola awiri sikunaphepo munthu.

Akakuwerengerani zimene walemba, mvetserani mpaka kumapeto. Kungoti "zili bwino" ndi njira yothawira. Muuzeni pamene munaseka, pamene munasochera, ndi pamene munayamba kuganiza zina.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tatsala ndi wolemba uja wafika patali: nkhani yatha, kope ladzaza. Ameneyu chomutchinga ndi kutayipa. Ofalitsa mabuku, a nyuzipepala ndi a mipikisano salandiranso zolemba pamanja, amafuna zotayipa zotumizidwa pa intaneti. Mulipireni kwa otayipa ndi kupulinta pamsika, mumugulire fulashi yosungira, ndi bandulo yotumizira. Mumukumbutse kuti akhale pambali pa wotayipayo kapena awerengenso tsamba lililonse, poti otayipa ambiri anazolowera makalata a Chingerezi ndipo Chichewa amachidula mawu pamene sipayenera kudulidwa. Mungathenso kumulipirira umembala wa bungwe la alembi la Malawi Writers Union, MAWU, limene linayamba mu 1995, kuti azimva za mipikisano ndi kukumana ndi anzake. Mipikisano musaipeputse. Nthondo uja anatuluka mu 1933 atapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira a Thomas Cullen Young anamumasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. A Nthara panthawiyo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, munthu wa choko ngati aphunzitsi a pa sukulu yanu.

Tsono pali khalidwe limene ndikufuna tilisiye chaka chino. Munthu akatulutsa buku, abale ndi anansi amabwera akumwetulira: "Achimwene, tamva mwatulutsa buku. Langa lili kuti?" Munthu yemweyo sanganene kwa wogulitsa matemba kuti, anga ali kuti. Alembi ambiri masiku ano amasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo. Walipira wotayipa, wokonza zolakwika, wojambula chikuto, wosindikiza, mwinanso ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Mabuku aulere akapita kwa apongozi, kwa abusa, kwa amfumu ndi kwa anzake a kuntchito, chotsala ndi katoni yopanda kanthu ndi ngongole ija. Ngati mukumukonda, gulani pa mtengo wake osanenerera. Mukatha gulani awiri, lina mukapereke ku laibulale ya sukulu imene munaphunzira. Pamenepo mwapereka mphatso kwa wolemba ndi kwa ana amene simukuwadziwa, ndi ndalama imodzi.

Kuchita fotokope buku la mnzanu, kapena kulimwaza pa WhatsApp iye asanalole, ndi kumubera, ngakhale mutachita mokondwera naye. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso, limene linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira zimenezi kuyambira 1992. Wolemba wanu ngati sanalembetse ntchito zake kumeneko, mulimbikitseni atero.

Nyengo inonso ndi ya maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a mipingo, ndipo pa mwambo uliwonse pakufunika ndakatulo. Taonani mmene timachitira. Wa zokuzira mawu timamulipira sabata isanakwane, wojambula zithunzi amalandira yake, wophika amalandira yake. Mlakatuli, amene wagona mochedwa masiku angapo kusanja mayina a akuchimuna ndi akuchikazi kuti pasakhale wodandaula, timamupatsa mbale ya mpunga ndi botolo la Fanta, kenako wotsogolera mwambo amati timuombere m'manja. Inu a komiti, muikeni pa bajeti. Gwirizanani mtengo musanamuitane, mumupatse theka poyamba kuti agulire pepala ndi mayunitsi oimbira eni mwambo kufunsa mayina, theka linalo alandire tsiku lomwelo asanachoke pabwalo, osati kudikira kuti muwerenge kaye za perekaniperekani.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Muyende bwino pa msewu wa M1 masiku a chikondwererowa, ndipo tikumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)